Kuumitsa Basil Osataya Fungo Lake

Mbewu yanga yoyamba ya basil, chitsamba cha masamba onunkhira othira m'ndiwo, anandipatsa ndi mlamu wanga amene ankagwira ntchito yophika ku Lilongwe. Tinali tinjere takuda, tokulirapo pang'ono kuposa ta bonongwe, atatikulunga m'kapepala. Ndinafesa m'dimba, m'mbali mwa bedi la tomato, ndipo pasanathe miyezi iwiri zitsamba zinali zitayandikira m'mawondo, masamba ali biriwiri, fungo likumveka ukangodutsa pafupi. Banja limodzi silingamalize masamba otero. Ndiye ndinachita zimene mayi aliyense wa kuno ku Kasungu amachita masamba akachuluka: ndinafutsa. Ndinawiritsa pang'ono, n'kuyanika pamphasa padzuwa la Okutobala. Pofika madzulo masamba anali bii, ndipo nditafikisa limodzi m'manja n'kununkhiza, linangomveka ngati udzu wofolerera nyumba. Dengu lathunthu linapita pachabe, ndipo zinandiwawa.

Amene anandionetsa pamene ndinalakwitsa ndi bambo anga, amene anakulira m'munda wa fodya wa burley. Anandifunsa ngati ndinawaonapo akuyanika fodya pabwalo. Fodya uja amamusoka, n'kumupachika pamikangala m'chigafa, momwe dzuwa silifika koma mphepo imadutsa. Tsamba limene munthu akulifunira fungo, anatero bambo, limauma pamthunzi.

Apa ndi pamene basil amasiyanirana ndi ndiwo zathu. Pofutsa nkhwani, khwanya kapena chitambe timafuna thupi la tsambalo, loti tidzadyere nsima m'chilimwe, ndipo madzi owira ndi dzuwa siziwononga zimenezo. Kwa basil timangofuna fungo basi. Fungolo limakhala m'mafuta amene ali m'timatumba tosaoneka ndi maso pakhungu la tsamba, ndipo mafutawo amauluka akangotenthedwa. Ena mwa mafutawa akatswiri amawatchula linalool ndi eugenol. Amene munakulira kumudzi mukuudziwa mpungabwi, chitsamba chija chonunkhira chimene timaika m'nyumba kuti udzudzu uthawe. Basil wa kudimba ndi m'bale wake, onse ndi a mtundu wa Ocimum, ndipo wodyedwayu dzina lake lonse ndi Ocimum basilicum. Ntchito yonse imene ndikufotokoza pansipa ndi yochotsa madzi m'tsamba, mafutawo n'kutsalira.

Thyolani maluwa asanatuluke

Basil amanunkhira kwambiri akatsala pang'ono kuchita maluwa. Kuchokera tsiku lofesa pamapita masabata 6 mpaka 8 kuti chitsamba chifike masentimita 20 kapena 30, ndipo apo ndiye poyambira. Mukaona kunsonga kwayamba kutuluka kamphukira kosongoka ka maluwa, musadikirenso. Maluwa oyera aja akamasula, mphamvu ya chitsamba imapita ku mbewu, masamba amachepa, amalimba, ndipo amayamba kuwawira.

Pitani kudimba m'mawa mame atauma koma dzuwa lisanakwere, cha m'ma 8 kapena 9 koloko. Tsamba lothyola lili ndi mame limachedwa kuuma, ndipo lothyola masana limakhala litafota kale.

Mawu amodzi kwa amene mumabzala basil pafupi ndi tomato monga ndimachitira ine. Ngati mwapopera tomatoyo mankhwala, mphepo imawafikitsanso pa basil. Werengani pa botolo masiku amene akuti mudikire musanakolole, ndipo muwadikiredi. Kuumitsa sikuchotsa mankhwala patsamba. Ine tsopano ndimasiya mpata pakati pa mabedi awiriwa, basil n'kukhala mbali imene mphepo imachokera.

Kadulidwe kake

Tengani sizasi kapena mpeni wakuthwa. Yang'anani pa nthambi, muona kuti masamba amamera awiriawiri moyang'anizana, ndipo m'khwapa mwa tsamba lililonse muli kamphukira. Dulani pamwamba pang'ono pa masamba awiri otero. Timphukira tija tidzasanduka nthambi ziwiri, ndiye chitsamba chimene mwadula bwino chimafutukuka m'malo mofa. Musatenge kupitirira theka la chitsamba pa ulendo umodzi. Pakatha masabata awiri kapena atatu mudzadulanso pomwepo.

Nthambi zodulazo ikani mosapanikiza m'dengu kapena m'lichero. Musazithithikize m'jumbo. Tsamba la basil ndi lofewa kwambiri, ndipo paliponse pamene lapindika kapena kuphwanyika pamada. M'jumbo masamba amachitanso thukuta, moti ulendo wochokera kudimba kufika kunyumba ndi wokwanira kuwaononga.

Kutsuka, kapena kusatsuka

Njira imene ndimaikonda ndi kutsukira masamba pachitsamba pomwepo. Madzulo a tsiku loti mawa ndikolole, ndimathirira ndi kheni kuchokera pamwamba kuti fumbi lichoke, n'kusiya kuti aume okha. Mawa lake sindifunikanso kuwanyowetsa.

Koma ngati masamba ali ndi matope, kapena mumathirira ndi madzi a pachitsime cha m'dambo pomwe ziweto zimamwanso, atsukeni ndi madzi a pamjigo kapena apampopi. Muviike nthambi m'beseni, muzigwedeze pang'ono, osafikisa. Kenaka muzikutumule ndi kuziyala pa chitenje choyera pamthunzi mpaka dontho lililonse litauma. Musamange mtolo masamba ali onyowa, chifukwa chuku chimayambira pomwepo.

Mukuyala choncho, sankhani. Tayani masamba achikasu, amadontho akuda, odyedwa ndi mbozi, ndi aliwonse amene kunsi kwake kuli zinthu zotuwa ngati phulusa. Tsamba limodzi lodwala limaononga anzake m'botolo.

Njira ziwiri zoyanikira

Yoyamba ndi yopachika. Tengani nthambi zinayi kapena zisanu, muchotse masamba a m'munsi kuti pakhale pomanga, mumange ndi ulusi kapena luzi, n'kupachika nsonga zili pansi. Timitolo tikhale tating'ono. Aliyense amene anasokapo fodya akudziwa zimene zimachitika masamba akathithikana pamkangala: a pakati amapsa n'kuwola pomwe a kunja akuoneka bwino. Basil ndiye amachita kuposa pamenepo, chifukwa ali ndi madzi ambiri. Pakati pa kamtolo ndi kanzake pakhale mpata woti dzanja lidutse. Pakatha masiku awiri mumangenso ulusi, popeza nthambi zimanyala ndipo timitolo timapulumuka n'kugwa.

Yachiwiri ndi yoyala, ndipo ndi imene ndimagwiritsa ntchito kwambiri. Thothani masamba limodzilimodzi kuchoka ku nthambi, muwayale pa lichero, pa sefa yaikulu kapena pa nsalu yopyapyala imene mwaikunga pa thandala. Asasanjikizane. Lichero muliike pa njerwa ziwiri kapena pa mipando iwiri kuti mphepo idutse ndi pansi pomwe. Kamodzi pa tsiku muwatembenuze mofatsa. Masamba othothola amauma msanga kuposa a pamtolo chifukwa nthambi ndiyo imasunga madzi nthawi yaitali, ndipo kuuma msanga pamthunzi ndiko kumasunga kubiriwira.

Musadule masamba tizidutswa musanayanike. Pamene mpeni wadutsa pamada, ndipo fungo limathawira pomwepo.

Malo oyanikira

Apa ndipo pagona ntchito yonse, ndiye ndichedwapo pang'ono. Malo abwino ali ndi zinthu zitatu: mthunzi tsiku lonse, mphepo yodutsa, ndi kutentha kosapitirira madigiri 35 kapena 40. Khonde la mbali imene dzuwa silifika ndi labwino, koma muliyang'anitsitse tsiku lathunthu musanayanike. Khonde limene lili pamthunzi m'mawa likhoza kukhala padzuwa lowawa cha m'ma 3 koloko. Chipinda cha mawindo awiri oyang'anizana ndi chabwinonso. Nyumba yofolera ndi udzu imaposa ya malata pa ntchito imeneyi. Ngati yanu ndi ya malata opanda siling'i, musapachike timitolo kudenga kwenikweni, chifukwa m'mwezi wa Okutobala pansi pa lata pamatentha ngati m'uvuni. Mangani chingwe chotsika, cha m'mapewa mwa munthu.

Chigafa ndi malo abwino zedi, koma chikhale chopanda fodya. Masamba ouma amakoka fungo la chilichonse chimene ali nacho pafupi, ndipo fumbi la fodya si chinthu choti chilowe m'ndiwo. Ngati chigafa chanu changotsala chopanda kanthu fodya atapita kumsika wa ku Chinkhoma, chisesedwe bwino, mikangala yakale ichotsedwe, mumange chingwe chatsopano. Pa chifukwa chomwechi, musayanike m'khitchini mophikira nkhuni. Utsi umaumitsadi, koma basil wanu adzamveka utsi wokhawokha. Musayanikenso m'chipinda chosungira feteleza, parafini, sopo kapena matumba a chimanga chothira mankhwala.

Kuyambira Ogasiti fumbi limachuluka, akamvuluvulu n'kumazungulira pabwalo. Phimbani lichero ndi kansalu kopyapyala koyera, kamene kamatchinganso ntchentche ndi nkhuku. Ndikupempheni chinthu chimodzi: musaphimbe ndi neti ya udzudzu. Maneti aja ali ndi mankhwala ophera tizilombo, ndipo ntchito yake ndi kuteteza ana ku malungo. Nyuzipepala nayonso si yoyalapo chakudya, inki imamatirira patsamba lonyowa.

Dzuwa likamalowa, lowetsani malichero m'nyumba. Tsamba limene layamba kuuma limamwanso chinyontho cha usiku, ndipo likamangouma n'kunyowanso limada.

Masiku angati

Zimatengera nyengo. Kwa ine kuno, m'miyezi ya Seputembala ndi Okutobala masamba othothola amauma m'masiku 4 mpaka 7, timitolo n'kutenga sabata kapena kupitirirapo. Mu Juni ndi Julayi, kukamazizira ndipo mwera ukuwomba, zimafika masabata awiri. Miyezi iwiri yozizirayi basil sakondwanso nayo. Sapirira chisanu, makamaka m'madimba a m'dambo momwe usiku mumazizira kwambiri, ndiye ndi bwino kudula kwambiri mu Epulo ndi Meyi, mvula itasiya koma kuzizira kusanalimbe.

Nthawi yovuta ndi ya dzinja, kuyambira Disembala mpaka Malichi. Ndi pamene basil amakula mwamphamvu, komanso ndi pamene mpweya umakhala wa chinyontho. Mvula ikamagwa mosalekeza masamba akhoza kuchita chuku asanaume. Nthawi imeneyi musapachike timitolo, yalani masamba motalikirana kwambiri m'nyumba. Mukamaliza kuphika, mbaula itatsala ndi phulusa lofunda lopanda utsi, mukhoza kuika lichero chapatali pang'ono kuti mpweya wofundawo uziwafika. Ngati dzanja lanu likumva kutentha pamene pali lichero, ndiye kuti layandikira kwambiri.

Amene muli ndi uvuni yamagetsi mukhoza kuigwiritsa ntchito, koma mauvuni ambiri ngakhale mutawachepetsa kotheratu amatenthabe kuposa mmene basil amafunira. Yatsani pamoto wochepetsetsa, muzimitse, muike masamba pa thireyi, chitseko chikhale chotsekula pang'ono, ndipo muziwaona pafupipafupi. Ine ndimaona kuti wa pamthunzi amanunkhirabe kuposa wa mu uvuni.

Kudziwa kuti wauma

Tengani tsamba lalikulu kwambiri mulifikise pakati pa zala. Louma limaphwanyika kuti tswa, n'kusanduka tizidutswa. Likangopindika ngati chikopa, silinaume, ngakhale m'mbali mwake mukuoneka mouma. Yesaninso kamtsitsi ka pakati pa tsamba, kamene kamachedwa kuposa pena paliponse. Kayenera kuthyoka. Mtundu wa basil wouma bwino ndi wobiriwira motuwirako. Akakhala wofiirira kapena wakuda, ndiye kuti anapsa, kapena anachedwa kuuma.

Musadabwe ndi kuchepa kwake. Tsamba la basil ndi madzi pafupifupi magawo 9 mwa magawo 10, ndiye kilogalamu imodzi ya masamba aawisi imakupatsani magalamu 100 kapena kupitirirako pang'ono. Lichero lodzaza limathera m'kabotolo kamodzi.

Apa pali chinthu chimodzi chimene muyenera kuchita mosiyana ndi fodya. Alimi amagwira fodya wouma m'mamawa, akafewa ndi chinyontho, kuti asaphwanyike. Basil mumuike m'botolo masana kukutentha, ali gwa. Mukamutsekera m'mawa atafewa, mwatsekera pamodzi ndi madzi.

Kusunga

Botolo lagalasi la chivindikiro cholimba ndilo labwino, monga la jamu kapena la mayonezi. Mulitsuke, mulisiye padzuwa mpaka liume kotheratu, ndipo mununkhize chivindikiro chake. Chikamamvekabe zimene munali kale, pezani china. Chikwatu chimene timasungiramo mfutso sichikwanira pano, chifukwa chimapuma ndipo fungo limatulukira momwemo.

Ikani masamba athunthu, musawasinje mumtondo. Ufa wa basil umaoneka bwino ngati wa m'sitolo, koma umataya fungo msanga kuposa tsamba lathunthu. Mudzafikisa pa tsiku lophika.

Masiku atatu kapena anayi oyamba muziliyang'ana botololo ndi kuligwedeza. Mukaona nthunzi kapena timadontho m'kati mwa galasi, kapena masamba asiya kuchita phokoso pogwedeza, akhuthuleni muwayanikenso. Mukaona chuku, tayani onse, musasankhe. Zikakhala bwino, lembani mwezi ndi chaka pa kapepala, mumate pa botolo, muliike m'kabati mwamdima, kutali ndi moto. Musathiremo mankhwala osungira chimanga ngakhale pang'ono. Basil wouma bwino amanunkhira miyezi 6 mpaka 12. Ikadutsa pamenepo sadwalitsa, koma fungo limakhala litatha.

Mchere, filiza ndi mafuta

M'dzinja, kuumitsa kukavuta, mchere umathandiza. Pansi pa botolo thirani mchere wokhuthala pang'ono, muyalepo masamba oyera opanda dontho la madzi, muthirenso mchere wowaphimba onse, n'kumapitiriza choncho mpaka botolo lidzaze, mchere n'kukhala pamwamba. Mchere umakoka madzi a m'masamba ndipo nawonso umatenga fungo. Pophika mumatenga masamba ndi mchere womwewo, ndiye musathirenso wina musanalawe.

Amene muli ndi furiji, dziwani kuti masamba aawisi sakhalitsa m'menemo. Kuzizira kotsika madigiri 10 kumawadetsa m'masiku ochepa. Ngati mukufuna kuwasunga masiku atatu kapena anayi okha, imikani nthambi m'kapu ya madzi patebulo ngati maluwa. Filiza ndiye ndi nkhani ina. Duladulani masamba, muwaike m'tizipinda ta thireyi yopangira ayezi, muthiremo madzi kapena mafuta ophikira, muumitse. Kachidutswa kamodzi n'kokwanira poto wa supu. Njirayi imasunga kakomedwe ka basil wamuwisi kuposa kuumitsa, koma imadalira magetsi. Akazima nthawi yaitali zonse n'kusungunuka, phikani tsiku lomwelo, musaumitsenso.

Pali njira imodzi imene ndikukuletsani. Musaviike masamba aawisi kapena adyo m'botolo la mafuta n'kulisiya pashelufu. M'mafuta mulibe mpweya, ndipo m'malo otero mumakula kachilombo kotchedwa Clostridium botulinum, kamene poizoni wake amapha. Choopsa n'chakuti mafutawo sasintha fungo kapena maonekedwe. Zosakaniza zotere, kuphatikizapo pesto, chosinja chija cha basil, adyo ndi mafuta chochokera ku Genoa m'dziko la Italy, zikhale m'furiji osapitirira masiku 4, kapena ziumitsidwe mufiliza.

Pophika

Supuni yaing'ono imodzi ya basil wouma imalowa m'malo mwa supuni yaikulu imodzi ya wamuwisi wodula. Yambani ndi wochepa, makamaka ngati a m'nyumba mwanu sanazolowere. Wamuwisi timathira poto atatsala pang'ono kuphulidwa, koma wouma amafuna mphindi 10 kapena 15 mumsuzi kuti afewe n'kutulutsa fungo. Mufikiseni m'manja pamwamba pa poto.

Amagwirizana kwambiri ndi tomato, ndiye chilichonse chimene mwakazingira tomato ndi anyezi chimamulandira: nyemba, nkhuku, nyama ya soya, mazira, supu wa pa mpunga kapena pa sipageti. M'ndiwo zotendera ine sindithiramo, nsinjiro zili ndi fungo lake lokwanira. Mu Juni ndimaponya masamba awiri kapena atatu m'tiyi wa ndimu ndi jinja.

Mbewu ya chaka chamawa

Zitsamba ziwiri zamphamvu musazidule, zisiyeni zichite maluwa. Njuchi zidzabwera zokha. Timitu ta maluwa tikauma n'kufiirira, tiduleni, mutiike m'kathumba ka pepala kwa sabata, kenaka mutifikise pa lichero n'kupeta pang'onopang'ono, chifukwa njere zake n'zopepuka ndipo zimauluka pamodzi ndi mankhusu. Sungani mu envulopu m'botolo louma. Ngati pafupi ndi dimba pali mpungabwi, kapena mwabzala basil wa mitundu iwiri, zitsamba za mbewuzo zikhale patali, chifukwa njuchi zimayendera onse ndipo mitundu ya Ocimum imatha kusakanikirana. Mbewu ikakusowani, dulani nsonga ya masentimita 10 yopanda maluwa, muchotse masamba a m'munsi, muimike m'kapu ya madzi pamthunzi n'kumasintha madziwo masiku awiri aliwonse. Pakatha sabata kapena awiri mizu yoyera imatuluka, ndipo ikafika kutalika kwa theka la chala mukhoza kuokera m'dimba madzulo, n'kuphimba ndi udzu masiku atatu oyamba.